Mkaka wa Naomi

Dainess ankagwira ntchito m'labu yaing'ono ya kafukufuku ku Kafue, ndipo ulemu wake wonse unali pa firiji imodzi yozizira koopsa. M'menemo ankasunga mkaka woyamba wa amayi ongobereka kumene, wachikasu uja, m'timabotolo tonga chala. Ofufuza ankafuna timatumba tosaoneka ndi maso toyandama mumkakamo, tonyamula uthenga wa chibadwa kuchokera kwa mayi kupita kwa khanda. Timatumbato sitichedwa kupsa mtima: tikasungunuka n'kuumanso timaphulika, uthenga n'kuwonongeka. Komanso mkaka woyamba ukadutsa wadutsa, sungaupemphe kawiri.

Naomi wa ku Nangongwe anapereka wake movutikira, poti apongozi ake, amayi Tembo, anali atadzaza msika wonse ndi nkhani yoti a labu amagulitsa mkaka kwa a Satana. Dainess analumbira, dzanja lili pachifuwa, kuti adzausamala ngati mwana wake.

Kenako kunabwera kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mng'ono wake Jasmine, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, magetsi akungozimazima. Nkhuku zososola zinayamba kutulutsa kafungo.

"Iwe, ku nchito kwanu kuli jenereta," anatero azakhali ake. "Manje ufuna mng'ono wako asekewe chifukwa cha tumabotolo?"

Dainess ameneyu, yemwe ankakalipira ngakhale abwana ake akachedwa kutseka firiji, pamaso pa azakhali anangoti zyoli ngati nkhuku yovumbwa. Loweruka m'mawa anatulutsa bokosi limodzi la mkaka m'firiji ya ku labu kuti nkhuku zikwane, n'kuliika patebulo. Masana anabwera kudzatenga nkhukuzo foni ili kukhutu, akukangana ndi wophika keke, n'kukiya chitseko. Bokosilo analikumbukira Lamlungu, ali pakati pa nyimbo m'tchalitchi. Anathamanga, napeza mkaka uli madzi okhaokha, wa Naomi uli pamzere woyamba. Anaubwezera m'firiji. Unaumanso bwinobwino, wokongola ngati palibe chinachitika, koma iye ankadziwa kuti madzi akatayika saoleka. Sabata yonse ankalowa m'labumo maso ali pansi, osauza munthu.

Tsiku lina m'mawa chitseko chinagogodedwa. Anali Naomi, khanda lili kumbuyo, pambali pake amayi Tembo atakwinya nkhope.

"Ba Dainess, nabwela na apongozi," anatero Naomi. "Baone beka kuti mkaka wanga ulipo, simunagulitse."

Dainess anavala magolovesi. Anatsegula firiji, nthunzi yozizira inafuka, ndipo anatulutsa kabotolo ka Naomi. Amayi Tembo anakayang'anitsitsa, anayang'ana maloko, anayang'ananso jenereta panja. Kenako mayi wamkulu uja anakoka chitenje chake n'kugwada pasimenti.

"Mwana wanga, nikhululukile. Nenze kukunenela voipa pa maliketi. Kansi ndiwe munthu wosamala so? Mwana wanga mkazi, Olivia, ali pafupi kubala. Nizamubweletsa neka, naye akupatse wake."

Manyazi anamugwira Dainess mpaka m'makutu. Akanakonda atamutukwana, akanakonda atamutchula wa Satana pamaso pa Nangongwe yonse. Naomi ankamwetulira monyadira, akugwedeza khanda.

"Imani, amayi, musanigwadile," anatero Dainess ndi mawu osamveka bwino.

"Nizaima ukakamba kuti wanikhululukila."

Amayi Tembo anapitiriza kudikira ali chigwadire, ndipo kabotolo m'dzanja la Dainess kanali katayambanso kusungunuka.