Gawo Lomwe Shadrick Anapita Nalo

Bambo Henderson anadikira mathero a buku limodzi kwa zaka makumi anayi ndi zitatu.

Kusekondale komwe anaphunzira, ku Dedza, buku lokoma silinkakhalitsa lathunthu. Likangofika m'hositelo, anyamata ankalimasula ulusi n'kuligawa pasanu kuti anthu asanu aziwerenga nthawi imodzi. Ukamaliza gawo lako unkapatsira wa bedi lotsatira. Buku la achifwamba a panyanja nalonso linagawidwa choncho, koma gawo lachisanu linali m'thumba mwa Shadrick tsiku lomwe anachotsedwa sukulu chifukwa cha fodya. Anapita nalo kwawo ku Ntcheu, osamvekanso.

Ndiye a Henderson anadzipangira okha mathero, ndipo mwana wawo Alinane anakula akuwamva: mkulu wa achifwambayo, yemwe iwo ankamukonda ngati m'bale, anaponya lupanga m'madzi n'kubwerera kwa mayi ake kukalima mbatata.

Tsopano shuga inali itawadya maso, ndipo ankakhala kwa Alinane ku Thamesmead, mumzinda wa London. Lachisanu lina, akuweruka kuntchito yake yosamalira okalamba, Alinane analipeza bukulo ku laibulale, lathunthu. Anawerenga gawo lomaliza m'basi mpaka kupitirira potsikira. Munthu uja sanalime mbatata. Anamumanga maunyolo, kubwera naye ku London, n'kumupachika m'mphepete mwa mtsinje womwewo umene a Henderson ankakonda kukakhalako masana. Alinane analakalaka kulibweza bukulo mwakachetechete, koma anali atawaimbira kale foni ali ndi chimwemwe.

Loweruka masana anawagwira dzanja mpaka pabenchi ya kumtsinje. Madzi anali ataphwera, matope akunyezimira, chifunga chitameza tsidya lonse.

"Yamba ndi mwini bukuyo," anatero bambo ake. "Ifetu tsamba loyamba sitinalionepo. Lidapita kukakulunga mandasi."

Alinane anawafotokozera zomwe zinalembedwa koyambirira. Wolembayo anali mwana wodwaladwala chifuwa, wokulira pabedi. Bedi lomwelo ndilo linali chombo chake, mabulangete ndiwo mafunde. Atakula anayendayenda kufunafuna mpweya woti umulole kupuma, ndipo anakafera kutali ndi kwawo.

"Wachifwamba anamuonapo?"

"Sanalembe zoti anamuona, adadi."

"Ndiye ankangopeka ngati ine," anaseka.

M'chifungamo munatulukira bwato lalitali lonyamula zinyalala, likuyenda ngati silikufuna. A Henderson anatukula chibwano. "Taona, Ali. Matanga oyera atatu." Alinane anatsegula pakamwa kuti awakonze, koma anasiya. Atayang'anitsitsa, chifunga chinayamba kufufuma pamwamba pa bwatolo ngati nsalu yogwira mphepo. Mafulati a kumbuyo kwawo anasungunuka, phokoso la mabasi linatalikira, ndipo benchi inakhala ngati yayandama pang'onopang'ono kulondola chombocho.

"Werenga tsopano."

Alinane anatsegula gawo lomaliza lija. Masamba awiri oyamba anawawerenga bwinobwino. Atafika pomwe asilikali anatulutsa maunyolo, anaima kuwerenga. Anayang'ana manja a bambo ake, atapindidwa pandodo ngati a munthu wodikira mgonero. Kenaka anapitiriza m'Chingerezi chake chomwe, akupeka: lupanga likumira, msewu wa kumudzi, mayi wokalamba ataima pakhomo.

Bambo ake anamvetsera mpaka pa mizere ya mbatata.

"Iwe Ali."

"Wawa?"

"Tsamba limenelo n'lalitali bwanji? Chiyambire sindinamve ukutembenuza."

Alinane anaphimba tsambalo ndi dzanja.

"Ndipo mzungu wa chifuwa uja mbatata za ku Dedza anazidyera kuti? Bodza limenelo ndi langa, mwanawe. Ndingalephere kuzindikira mbuzi yanga?"

"Simukondwa nazo, adadi. Anamupanga zoipa."

"Maso ndi amene anapita, mtima ulipo. Werenga zomwe analemba mwiniwakeyo."

Anawerenga zonse, osadumpha mzere: khoti, chingwe, khamu la anthu pagombe, madzi akukwera mpaka kumiza mtembowo. Potseka bukulo, bwato lija linali litalowa kale m'chifunga.

 A Henderson anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Wati mtsinje wake ndi uno?"

"Womwewu. Kumtunda uko, chakutauni."

"N'kutali?"

"Basi imodzi, kenako sitima."

"Ha! Zaka zitatu ndili muno, munthu anafera pakhomo pompano, ine osakapepesa?" Anapukusa mutu, nafufuza ndodo yawo. "Mawa tikatuluka m'tchalitchi undiperekeze. Unditulutsire jekete lakuda lija, ulisite."

"Adadi, ndi munthu wa m'buku."

"Ndikudziwa. Ulisitebe."