Siginecha ya a Njobvu

Cheke chinakhala miyezi isanu m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi mabatani a malaya amene anatha kalekale. Chinali cha mkaka wa miyezi inayi. Mkakawo anakama ndi Tisauke, anapita nawo panjinga ndi Tisauke, ndipo ng'ombe itam'ponda phazi mu Meyi, phazilo linalinso la Tisauke. Koma pachekepo panalembedwa anthu awiri, bambo ndi mayi S. G. Njobvu.

Zinayamba tsiku limene a kampani yogula mkaka anabwera ku Palabana kudzalemba alimi. Tisauke anali m'khola. Mwamuna wake, Sanford, ndiye anali pakhonde ndi mabolopeni atatu m'thumba la malaya, monga ankakhalira masiku onse chichotsedwere ntchito ya ukalaliki mu 1992. Fomu anadzaza yekha, ndipo pamzere wofunsa ntchito yake analemba kuti manejala wa famu. Famuyo inali ng'ombe imodzi, nkhuku khumi ndi mtengo wa mapeyala.

Kenaka kampani inagulitsidwa, monga zinkagulitsidwira zinthu zaka zimenezo, ndipo eni atsopano anasiya kulipira pamanja. Anatumiza cheke chokhala ndi timizere tiwiri pakona. Aphunzitsi a Gilbert anamasulira kuti timizereto tikutanthauza kuti cheke sichisinthidwa pasitolo, chimalowa mu akaunti ya ku banki yokhala ndi mayina omwewo. Anawonjezanso kuti cheke chikatha miyezi isanu ndi umodzi chimafa.

Tisauke ankadziwa chimene ankafuna nacho. Mayi Cecilia, a kutsidya kwa msewu, ankagulitsa ng'ombe yamsoti ya bere, ndipo anavomera kum'sungira mpaka kutha kwa Okutobala. Pamene cheke chinkafika chikanagula ng'ombeyo ndi njinga yatsopano. Tsopano chinkangokwanira ng'ombe, ndipo momwe kwacha inkatsikiramo, pofika Khirisimasi chikanagula mchira.

"Atate ake Ednah, tiyenda liti ku banki?"

"Niyang'ana ndandanda yanga."

Ndandandayo Tisauke ankaidziwa. M'mawa munali wailesi, masana munali nsolo.

Ankadziwanso chifukwa chenicheni. Mu 1991 a Njobvu anatenga matumba asanu ndi atatu a feteleza pangongole ku bungwe lina lokongoza alimi. Anasaina mothamanga, ali chiimire, fomu itatsamira pachitseko cha lole. Chaka chotsatira mvula sinabwere. Patapita zaka ziwiri kunabwera amuna awiri a mataye ndi pepala lija. A Njobvu analiyang'ana pafupi, analiyang'ana patali, ndipo anati siginechayo si yawo. Pofuna kutsimikiza anatenga pepala loyera n'kusaina kakhumi alendowo akuona. Siginecha yawo yaulemu inkayamba ndi S wamkulu ngati njoka yodzuka, inkadutsa m'mapiri angapo, n'kubwerera m'mbuyo kudzadzilemba mzere pansi, n'kumaliza ndi timadontho. Mwa siginecha khumizo panalibe ziwiri zofanana, ndipo panalibe yofanana ndi kadzina kofatsa ka pa fomu ya feteleza. Alendowo anadya nkhuku ya Tisauke n'kumapita.

A Njobvu ankaifotokoza nkhaniyi pa nsolo ngati mlandu umene anapambana ku khoti lalikulu. Koma chichokereni tsikulo sankakonda nyumba zokhala ndi kauntala.

Lolemba lachiwiri la Okutobala, Tisauke anakama ng'ombe, anasita jekete la mwamuna wake, n'kuliika pampando pamodzi ndi kalata ya a Gilbert yowachitira umboni, zitupa zawo ndi zithunzi zinayi zimene anajambulitsa ku Chongwe.

"Minibasi ipita seveni. Ngati simuyenda, nizawauza a banki kuti amanejala anamwalira."

A Njobvu anavala jekete.

M'minibasi a Njobvu anapatsa Tisauke malangizo. "Kuja ni Lusaka. Iwe usakambe. Ku banki kuli kakambidwe kake. Akakupatsa pepala, ubweretse kwa ine. Zoika chala pa inki zija ni za ku kopaletivu, anthu angatiseke."

Tisauke anavomera ndi mutu. Sukulu analekeza giredi 2, ndipo kuyambira pamenepo chala chake chachikulu chinasainira mkaka, chipatala, mavoti ndi ukwati womwe, osalakwitsapo n'kamodzi.

Anaima pamzere maola awiri. Atafika pa desiki anapeza mayi wachitsikana wa magalasi, kachikwangwani kake kolembedwa Mavis. A Njobvu anaika chikwama chawo cha mapepala pa desiki, chimene munali nyuzipepala ya mwezi watha ndi mbatata ziwiri zootcha, n'kuyamba ndi Chingerezi. Mavis anamvetsera mpaka pamene Chingerezicho chinathera.

"Ba Njobvu, mufuna akaunti ya bwanji?"

"Ya ine na amai. Ine ndiye mutu wake."

"Ya babili ilibe mutu. Musaina bonse."

"Na ine nifunako yanga yanga," anatero Tisauke.

A Njobvu anatembenuka. Zimenezi sizinali m'malangizo.

"Yako ya chani?"

"Ya ng'ombe."

"Ng'ombe ili na chitupa?"

Mavis anatulutsa mafomu awiri osaseka. Kenaka anatenga zitupa, anatsegula kabati, n'kutulutsa fayilo yonenepa yomangidwa ndi chingwe. Anayendetsa chala pamndandanda mpaka chinaima.

"Sanford Gideon Njobvu, Palabana. Feteleza, masaka eyiti."

"Nkhani ija inasila. Sinali siginecha yanga."

"Pano balemba kuti mukana." Anatembenuza tsamba. Panali fotokope ya fomu ija, yakuda m'mbali, koma kadzina kofatsa kaja kankaoneka bwinobwino. "Bungwe ija inagwa. Nkongole zake zili na ise manje."

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati munthu wowerenga mitengo ya ufa. Munthu wa pamndandanda sakanizidwa akaunti yosungira ndalama. Buku la macheke sapatsidwa, ngongole sapatsidwa. Koma zikatsimikizika kuti ngongole ya fetelezayo ndi yake, banki imayamba yadzilipira yokha pa chilichonse cholowa m'dzina lake.

Tisauke anayang'ana cheke chimene anachigwira m'manja. Anaona ng'ombe ya Mayi Cecilia ikukwera lole ya munthu wina.

"Sainani apa katatu," anatero Mavis, akukankha kakhadi koyera ka mabokosi atatu. "Zifanane."

A Njobvu anasankha bolopeni yapakati. Anakoka dzanja la jekete, anazunguza mkono m'mwamba kawiri ngati woyendetsa kwaya, n'kutsika. Siginecha yoyamba inatuluka m'bokosi n'kukalowa m'lachiwiri. Yachiwiri inali ndi mapiri anayi. Yachitatu inali ndi mapiri awiri ndi mchira umene zinzake zinalibe.

Mavis anayang'ana khadi. "Aba ni bantu batatu."

"Ni munthu mmodzi wophunzira."

Anawapatsa khadi lina. Kenaka lina. Pa khadi lachinayi anthu a pamzere anali atayamba kusuzumira, ndipo bambo wina wa ovolosi kumbuyo anafunsa mokweza ngati akulu aja akujambula mapu. Thukuta linatsika m'khosi mwa a Njobvu n'kulowa m'kolala imene Tisauke anasita.

"Makhadi yasala yabili," anatero Mavis. "Lembani chabe zina yanu, mwamene mulembela ngati muli bize."

Tisauke anaona dzanja la mwamuna wake likutsika pa khadi lachisanu, lotopa, lopanda kwaya. Anaona S wamng'ono, wofatsa, akuyamba kutuluka. Ankamudziwa S ameneyo ngakhale sankadziwa kuwerenga. Anali pa makadi a sikelo a Ednah, anali pa kalata iliyonse yopita kumudzi ku Katete, ndipo anali pa fotokope imene inali chitsegukire pa desiki, pafupi ndi chigongono cha Mavis.

Anawaponda phazi. Anaponda ndi chidendene, momwe ng'ombe inam'phunzitsira mu Meyi.

A Njobvu anati "Mayo!" ndipo bolopeni inathawa n'kulemba mzere wautali mpaka m'mphepete mwa khadi. Anayang'ana mkazi wawo. Mkaziyo ankayang'ana fotokope. Iwonso anayang'ana fotokope.

Mavis anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Anawapukuta mofatsa kwambiri. Atawavalanso anatenga khadi lachisanu, anang'amba pakati n'kuponya m'dengu la zinyalala.

"Yasala imozi."

"Asisi," anatero Tisauke, "ine nisaina bwanji?"

Mavis anatsegula kabokosi ka inki yofiirira. Tisauke anapukuta chala pachitenje, anadinda katatu pa khadi lake, katatunso pa theka lake la khadi la akaunti ya awiri. Zidindo zonse zinatuluka zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, chilichonse ndi kachipsera kake ka chikwakwa pakati.

"Iyi ndiye siginecha," anatero Mavis, osauza munthu aliyense. Kenaka anasiya kabokosi ka inki kali chitsegukire, pakati pa desiki, n'kuyamba kusanja mapepala ena amene sankafunika kusanjidwa.

A Njobvu anayang'ana inki. Anayang'ana mabolopeni awo atatu. Kumbuyo, bambo wa ovolosi uja anatsokomola.

"Madamu," anatero pomaliza, "munthu amene anagwirapo ntchito mu ofesi, malamulo amulola?"

"Malamulo yakamba kuti munthu wamene siginecha yake siikhazikika, aika chala."

"Siikhazikika."

"Ndiye mwamene balembela."

"Osati kuti saziba kulemba."

"Iyayi. Siikhazikika chabe."

A Njobvu anaganizira mawuwo ndipo anaoneka kuti awakonda. Anabweza bolopeni m'thumba, anavula wotchi imene inaima mu Epulo, anaiika pa desiki, n'kupereka chala. Sankadziwa kadindidwe. Anakanikiza ngati akupha nsikidzi, ndipo Tisauke anachita kuwagwira dzanja n'kuwasonyeza kuti chala chimagubuduzidwa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Chidindo choyamba chinali chodetsedwa. Chachiwiri ndi chachitatu zinali bwino.

Mavis anaika khadi pambali pa fotokope, anayang'ana uku, anayang'ana uku.

"Pa fomu ya feteleza palibe chala," anatero. Anatseka fayilo n'kumanganso chingwe. "Zina yanu ikhalabe pa mndandanda. Nkongole musabwele kupempha."

"Ine sinipempha nkongole," anatero a Njobvu mwaulemu wonse.

Cheke chinalowa. Mavis anati chidzapsa, ndalama n'kutha kutapidwa, pakatha masiku khumi ogwira ntchito. Tisauke anawerenga pa zala zake, chimodzi chofiirira, napeza kuti likhala Lolemba, kutatsala sabata kuti mwezi uthe. Anafunsanso ngati ndalama zingachoke mu akaunti ya awiri kupita mu yake tsiku lomwelo.

"Ngati mwadinda bonse."

"Tizadinda."

Pobwerera a Njobvu anakhala pawindo dzanja lamanja lili m'thumba la jekete. Kondakitala atafuna ndalama anapereka ndi lamanzere, ndipo anachita kupepesa. Anatsika pa Palabana. Kunyumba anayesa sopo, anayesa mchenga, anayesa palafini. Inki ya ku banki inali yabwino kuposa ya ku kopaletivu.

Kwa masiku awiri sanapite ku nsolo. Tsiku lachitatu lake anapita, ndipo Tisauke, podutsa ndi zigubu za mkaka panjinga, anawamva pansi pa mtengo akufotokozera anzawo, chala chili m'mwamba. Ankati mabanki akuluakulu tsopano asiya kukhulupirira bolopeni chifukwa cha akuba. Ankati siginecha yawo anaiyesa kasanu akatswiri n'kupeza kuti ndi yovuta kwambiri, moti banki sikanatha kuiteteza. A Gilbert, amene akaunti yawo inali ya siginecha wamba, anangoti sanamvepo.

"Simungamve," anatero a Njobvu. "Sauza aliyense."

Lolemba lija anapitanso. A Njobvu anagubuduza chala okha, kuchokera kumanzere, ndipo anadzudzula mayi wina pamzere kuti akukanikiza kwambiri. Ndalama zinachoka mu akaunti ya awiri n'kulowa mu ya Tisauke, n'kutulukanso masana omwewo zitakulungidwa m'chitenje chamkati. Mu akaunti ya awiri munatsala zochepa zimene banki imafuna kuti isatsekedwe. Kabuku kake a Njobvu anakasunga okha m'chikwama, pamodzi ndi nyuzipepala.

Ng'ombe inawoloka msewu Lachiwiri m'mawa, Tisauke ali kutsogolo ndi chingwe, a Njobvu ali kumbuyo ndi malangizo. Mayi Cecilia anabwera ndi kapepala ka umboni wa malonda kuti wogula asaine. A Njobvu anagwira thumba la mabolopeni, anaima pang'ono, n'kufunsa ngati pakhomopo pali inki.

Panalibe. Tisauke anapaka chala mwaye wa kunsi kwa poto n'kudinda yekha, ndipo anapita kukamangirira ng'ombe yake.