Purosesa Imene Achemwali Anaitanitsa

Tsiku lomaliza kuwaona amoyo, achemwali ake anali atagwada pabalaza, mutu uli m'mimba mwa kompyuta, akupopa fumbi ndi mpope wa njinga. Unali m'mawa wa Loweruka. Fumbi linkatuluka m'mafani ngati utsi, iwo n'kumayetsemula, n'kumamunena kuti munthu wofika ku koleji angalekerere bwanji makina mpaka kumera ubweya. Ankamutchula kuti Pulofesa. Dzinali anamupatsa tsiku limene anasankhidwa kupita ku koleji, ndipo linamukanirira moti ngakhale amayi ankamuitana choncho akafuna kumutuma.

Kompyutayo anailumikiza okha achemwaliwo, ndi zipangizo zimene ankatola chimodzichimodzi kushopu yokonza makompyuta kumene ankagwira ntchito. Inkakhala kwa amayi chifukwa alamu ankadandaula kuti phokoso la mfuti za m'gemu limawapweteketsa mutu. Ndiye Loweruka lililonse ankabwera kudzasewera, mlongo wawo atakhala pambali n'kumawauza zochita, iwo n'kumamuyankha kuti mphunzitsi wabwino amaphunzitsa ali chete.

M'mawa umenewo anagogoda pakati pa makinawo ndi sikuludiraiva, nati purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, yakalamba, ndipo aitanitsa ina.

"Ikafika usaikhudze. Manja akowa amathyola ndi supuni yomwe. Ndidzaika ndekha."

Anatseka chivundikiro, napukutira manja awo pamalaya ake, n'kutuluka akuseka. Lolemba masana lole inaduka mabuleki pamphambano ya pafupi ndi shopu, iwo akuwoloka ndi chakudya chawo m'manja.

Maliro atatha, Pulofesa anabwerera ku koleji. Anakhalako milungu iwiri, akuyang'ana pakamwa pa aphunzitsi ngati munthu woonera nsomba m'madzi. Mlungu wachitatu analongedza chikwama n'kubwerera kunyumba. Amayi analankhula mpaka malovu kuuma. Amalume anabwera ndi miyambi yawo yonse. Iye anamvetsera mwaulemu, n'kulowa kuchipinda kukayatsa kompyuta.

Kompyutayo inali ndi makomo awiri. Ukaiyatsa, pasikirini pankabwera mayina awiri. Lina linali lake, khomo la mlendo, limene achemwali anamutsegulira kuti azisewererapo koma asamasinthe kalikonse. Linalo linali lawo: Tsabola, dzina lawo la m'gemu, ndipo pamwamba pake panali chithunzi chawo atatulutsa lilime, sikuludiraiva ili kukhutu. Pansi pa chithunzicho panali kabokosi kofuna nambala yachinsinsi. Nambalayo sankaidziwa. Anayesa tsiku lawo lobadwa, tsiku la ukwati wawo, nambala ya foni ya amayi. Akalakwitsa, makinawo ankamudikiritsa nthawi yaitali kuposa poyamba, ngati mlonda wamwano. Alamu anabwera kamodzi, nayesa katatu, n'kupukusa mutu. Kuseri kwa khomolo kunali chiyani, palibe ankadziwa. Mwina zithunzi, mwina mawu awo akutukwana adani m'gemu, mwina ntchito za makasitomala basi.

Purosesa yatsopano inafika patatha milungu isanu, m'kabokosi kochepa ngati ka sopo, dzina la malemu lili pamwamba. Amayi anasainira, nakaika pamwamba pa kabati, ndipo palibe anakatchulanso.

Amene anakatchula ndi Bwampini, mtsogoleri wa timu ya m'gemu imene achemwali ankasewera. Anali bambo wogulitsa matayala, wa mawu aakulu ngati akulankhulira m'mgolo. Timuyo inali ya anthu asanu, ndipo malo a Tsabola anawapereka kwa Pulofesa. Poyamba zinkayenda. Kenako eni gemu anaikonzanso, naiwonjezera utsi, mvula ndi nyumba zogumuka, purosesa yakale ija n'kuyamba chibwibwi. Nkhondo ikafika pachimake, sikirini inkauma gwa, ndipo ikamadzatsitsimuka Pulofesa anali atagona chagada, anzake akuwomberedwa kuchokera mbali imene iye ankalondera. Bwampini anapirira mwezi wathunthu. Kenako ananena mosapsatira kuti kalembera wa mpikisano atsekedwa Lachinayi masana, ndipo pofika nthawiyo purosesa ikhale italowa, apo ayi alemba munthu wina.

Lachinayi m'mawa Pulofesa anatsitsa kabokosi kaja pakabati, nakaika m'thumba, n'kukumbatira kompyuta ngati mwana wodwala. Anayenda wapansi, kulambalala mphambano ija, mpaka kushopu.

Mwini shopu, amene aliyense ankangowatchula kuti Amisiri, anali bambo wa imvi, wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Atamuona anaimirira, nasuntha mapulinta akufa amene anali ataunjikana patebulo la pakona. Linali tebulo la achemwali. Kapu yawo yobiriwira inali pomwepo, tsopano yodzaza masikuluu. Anaiyatsa kompyutayo, nayang'ana chithunzi chotulutsa lilime chija kanthawi, n'kutsokomola. Kenako analowa m'malo amene Pulofesa anali asanawaonepo, sikirini yodzaza timalemba ting'onoting'ono. Anatsitsa magalasi apachipumi, nawerenga, n'kuusa moyo.

Anamufotokozera pang'onopang'ono. Ntchito yosintha purosesa inali ya mphindi makumi awiri, ndipo bolodi imene purosesa imakhalapo inkailandira yatsopanoyo popanda vuto. Koma malemu anali munthu wosamala. Disiki yonse, mosungira zinthu zawo, anaikhoma, ndipo kiyi wa loko ameneyo ankakhala m'kati mwa purosesa yakaleyo. Kuichotsa, kompyuta idzafunsa nambala ina yaitali, ya manambala 48, imene munthu amalemba papepala tsiku lokhoma. Popanda pepalalo, makomo onse awiri adzatsekeka, ndipo chotsala n'kufufuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Lokoyo akanatha kuimasula asanayambe ntchito, koma zimenezo zimachitikira kukhomo la mwini, osati la mlendo.

Amisiri anaimbira alamu kufunsa za pepala. Pulofesa ankamva mawu awo akutuluka m'foni, otopa ngati a munthu wodzutsidwa kutulo. Anati mapepala a malemu anawataya posamuka nyumba, ndipo ngati n'kufufuta afufute, chifukwa munthu sangakhale moyo wake wonse akugogoda pakhomo la nyumba yopanda anthu.

"Wamva, Pulofesa," anatero Amisiri ataika foni pansi. "Ine sindikukakamiza. Koma khomo limeneli sunalitsegulepo, ndipo mwina sudzalitsegula."

"Khomo lotseka ndi khomo ndithu."

Foni ya Pulofesa inalira. Anali Bwampini, akufunsa ngati opaleshoni yatheka, wodwala wadzuka. Pulofesa anamufotokozera zonse, kumbali inayo kukumveka chitsulo chikumenya tayala. Kenako Bwampini anayamba kulankhula mofatsa, mmene amalankhulira anthu akafuna kukulanda chinthu mwachifundo. Anati Tsabola anali mnzake zaka zinayi, nayenso analira. Koma purosesayo anaitanitsa yekha Tsabola, ndiye kuisiya m'bokosi ndiko kumunyoza. Anati malemu akanakhalapo akanamuwomba khofi mlongo wake chifukwa chogonjetsa timu ndi makina otsimphina.

Mawu amenewo anamupweteka chifukwa anali oona. Khofiyo akanailandiradi, n'kunenedwanso mpaka kumsewu. Koma chiyambire maliro, aliyense ankadziwa zimene malemu akanafuna. Amalume ankati akanafuna abwerere ku koleji. Alamu ankati akanafuna zovala zawo zigawidwe msanga. Munthu amene ali moyo sankalola wina kumulankhulira, lero anali ndi omulankhulira mbali zonse, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi zonse ankagwirizana ndi wolankhulayo.

"Aise, kwatsala ola limodzi," anatero Bwampini. "Ndilembe dzina lako kapena ayi?"

Pulofesa anati amuimbiranso.

Amisiri anali atamva zonse. Anakanda chibwano, natsegula kabati, n'kutulutsa disiki ina. Anati pali njira yapakati, imene anthu anzeru amadutsa. Achotsa disiki ya malemu pamodzi ndi purosesa yakale, azikulunga bwinobwino m'pepala losalowa chinyezi, aziika m'bokosi. M'makinamo aika purosesa yatsopano ndi disiki yatsopano, iye akasewere mpikisano wake. Tsiku lina akadzakumbukira nambala, kapena pepala likadzapezeka, adzazibwezeretsa.

"Ndipo zikadzabwerera zidzatseguka?"

"Kawirikawiri zimatseguka."

"Kawirikawiri."

"Sindingakulonjeze, mwana wanga. Mabolodi ena akaona purosesa yachilendo amaiwala yakale. Koma zinthuzo zidzakhala zosungika. Bokosi labwino, ndilembapo ndi dzina."

Anali atatenga kale sikuludiraiva, namasula sikuluu yoyamba ya chivundikiro. Pulofesa anayang'ana sikirini. Achemwali anali akumutulutsirabe lilime. Anaganiza za mawa m'mawa, akuyatsa makina othamanga ngati mphepo, pasikirini pakubwera dzina limodzi lokha, lake, pakatikati, popanda womuyang'ana. Anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la Amisiri.

"Tinawaika kale m'bokosi kamodzi. Dzina tinalembaponso. Bwezeranipo sikuluuyo."

Amisiri anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anayesa kunena kuti makina si munthu, kuti purosesa yakaleyo tsiku lina idzafa yokha, ndipo zonse zidzapita chimodzimodzi. Pulofesa anayankha kuti ikadzafa yokha adzalira, koma sadzakhala amene anaizula ndi manja ake chifukwa cha chikho cha pulasitiki cha mpikisano. Dzanja lake silinasunthe. Bambo aja anamangitsa sikuluu ija pang'onopang'ono mpaka inalimba.

Pulofesa anaimbira Bwampini ataima pakhomo la shopu, magalimoto akudutsa. Anamuuza kuti alembe wina. Bwampini anafunsa ngati akudziwa kuti akutaya malo a mlongo wake m'timu chifukwa cha chithunzi, chithunzi chimene angathe kuchijambula ndi foni n'kuchipachika pakhoma.

"Malo awo m'timu munawadzaza patatha milungu itatu. Munandiikapo ine. Mawa muikapo wina. Awa ali m'makinamu palibe amene akhalepo."

"Ndiye uzisewera ndi ndani ndi chibwibwi chakocho?"

"Ndi aliyense wosathamangira kwina."

Bwampini anamutchula wouma mutu ngati mlongo wake, ndipo sizinamveke ngati akutukwana kapena akuyamikira. Anadula foni.

Atabwerera m'kati, Amisiri anali atazimitsa kompyuta, akukulunga chingwe chake. Anati atha kumuchepetsera utsi ndi mvula za m'gemu kuti makinawo azipuma, chibwibwi chichepeko ngakhale sichingathe. Pulofesa anati zimenezo achita yekha, pakhomo la mlendo zimatheka. Anatenga kabokosi ka purosesa yatsopano, kosatsegula, nakabwezera m'thumba. Sankadziwa kuti akachita nako chiyani. Mwina kabwerera pamwamba pa kabati, amayi akaone, asanene kanthu.

Pashopupo panali lamulo lakuti makina alionse olowa atuluke ndi kapepala kosonyeza ntchito imene yachitika. Amisiri anang'amba kamodzi, nalemba ndi bolopeni, nakamata pambali pa kompyuta. Kenako anamuthandiza kuinyamula, n'kumutsegulira chitseko ndi phazi.

Kompyutayo inkalemera kuposa m'mawa. Dzuwa linali pamutu, ndipo nthawi ya kalembera inali itadutsa. Ataima m'mbali mwa msewu kuti apumitse mikono, anapendeketsa mutu n'kuwerenga kapepala kaja.

Ntchito yochitika: palibe. Chifukwa: mwini wakana. Lachinayi, 17 Ogasiti.