Nyanja Itaundana pa Namitambo

Masewerawo anatisiyira ndi mlamu wanga Denis asanabwerere ku Joni: bolodi la nyanja ndi zilumba, tizombo tamatabwa, ndi tiankhondo tandevu totchedwa Avaikingi. Pamafunika anthu anayi okhala pansi masana onse. Pa Namitambo pano ndani ali ndi masana onse? Sabiti amapalasa kabaza, a Stefano ali ndi ng'ombe zamkaka, ine ndili ndi sitolo, ndipo Shamima amakazinga mandasi, kuthirira dimba, kwinaku akulera ana.

Tinapangana kuti bolodi lizikhala pashelefu m'sitolo mwanga, aliyense akamadutsa azisuntha kamodzi n'kupitiriza ulendo. Zinayenda bwino, kungoti nthawi ya Shamima ikakwana tinkatha kudikira tsiku lathunthu.

"Achemwaliwa akutichedwetsa," anatero Sabiti. "Akaluza ulendo uno, malo awo tipatse Kalinde wometa uja. Amangokhala iye uja."

A Stefano anavomera. Zinandipsetsa mtima, chifukwa Shamima anali atandiuza kuti pa tsiku lonse, kanthawi kokhako ndi kamene kanali kake.

Amunawo ankasewera ngati bawo: kudya basi. Kuwotcherana midzi, kulandana zilumba, phokoso mpaka makasitomala kudabwa. Shamima ankalowa beseni lili pamutu, osakhala n'komwe pansi, n'kukokera chombo chimodzi kumtunda kapena kuponya thumba la chakudya m'nkhokwe yake ya pabolodi.

"Mukuopa madzi, achemwali?" Sabiti ankamuseka.

Kenako pa makhadi a masewerawo panatuluka khadi ya nyengo yozizira. Sabiti anangoiyang'ana n'kutukula mapewa. "Kuzizira n'chiyani? Ine mu Juni ndimapalasa m'chiperoni, juzi basi."

Ndinaimbira Denis kuti atiuze lamulo lake. Anayamba waseka kaye. Kwa Avaikingi, anatero, kukazizira nyanja imaundana gwa ngati mwala. Chombo chimene chili pamadzi chatayika, ndipo ankhondo opanda chakudya m'nkhokwe amafa.

"Nyanja kuundana? Bodza limenelo!" anakuwa a Stefano, mpaka chipewa kugwa.

Silinali bodza. Zombo zawo zinachoka pabolodi, zanganso zinapita, koma ine ndinkangomwetulira.

Shamima anafika masana, manja ali mafuta okhaokha. Anawapukuta pachitenje, natsitsa zombo zake zonse nyanja itasungunuka. Panalibe womutchinga. Anatenga zilumba zonse amunawo akuyang'ana, kenako anatula beseni pansi, naimba nthungululu yomwe inatulutsa atelala m'mashopu mwawo. Ine ndinavina kuseri kwa kauntala, osachita manyazi.

"Munadziwa bwanji?" anafunsa Sabiti, mawu atachepa.

"Ndinafunsa a Denis asanapite, inu mukulimbirana chombo chofiira. Ine ndilibe nthawi yosewera mwachimbulimbuli, achimwene."

Shamima anasenzanso beseni lake, naima pakhomo.

"Kalinde mumuuze azimeta anthu ake. Mawa tiyambanso, ndipo ndikachedwa, mudikire."