Singano ya Khumi ndi Chitatu

Telala weniweni amawerenga masingano asanapereke chovala kwa mwini wake, kuopa kusiya imodzi mumsoko. Mayi Telala sanasiye chizolowezicho, ngakhale kuti makina awo anali atatha chaka ali chifundire nsalu. Khansa ya m'bere inatha, madokotala anatero, koma mankhwala a m'diripi aja anawawonongera mitsempha. Zala zinkayaka ngati moto, koma ulusi osaumva.

Lachitatu lililonse mwana wawo wamkazi ankawaperekeza kukachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala, kumene dokotala wina ankachepetsa ululuwo pobaya timasingano topyapyala ngati tsitsi.

"Amayi, moyo wonse mwakhala mukubaya nsalu za eni. Lero nsalu ndinu," anatero dokotalayo Lachitatu lina akuwapukuta ndi thonje.

"Ingosokani mowongoka, adokotala. Ntchito yokhota ine ndimabweza."

Mwana uja anaseka kwambiri. Dzulo lake anali atathira kale mafuta makina aja.

Mayi anatsinzina n'kuyamba kuwerenga. Anayi m'manja, asanu ndi atatu m'miyendo. Kenako ina inalasa pansi pa nthiti, cha kumanja, mozama. Sikanali koyamba.

Nthawi itakwana, dokotala anazula masinganowo n'kumaponya m'kabokosi kachikasu. Mayi anawerenganso. Khumi ndi awiri.

Akanatha kuvala nsapato n'kumapita. Mwanayu anali atangoyambanso kuseka. Koma msoko wokhala ndi singano sautulutsa pakhomo.

"Mwaiwala imodzi."

"Ine? Mukufuna andichotse ntchito eti?"

"Ndamva khumi ndi atatu."

"Amayi inunso!" anatero mwana uja. "Poyamba simunkamva ndi imodzi yomwe, lero mukumva mpaka za basela!"

Mayi anakweza bulauzi n'kuloza. Dokotala anadina pamenepo ndi zala ziwiri. Anadinanso. Kenako anawakokera chikope pansi n'kuyang'anitsitsa m'maso, nthawi yaitali.

"Zayamba liti?"

"Milungu itatu yapitayo."

Dokotala anasamba m'manja pang'onopang'ono, atawafulatira.

"Achemwali," anauza mwana uja, mawu ali pansi, "buku lawo lakale lija, la ku wodi ya khansa, mwalitenga?"

Mwanayo analimbana ndi zipi ya chikwama. Itatseguka, ulusi watsopano umene anawagulira m'mawa unagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa bedi. Palibe anautola.