Tsiku Limene Nsatsi Zinamukana Ezeliya

Ine Regina sindimukonda, ndineneretu. Ndiye pomva nkhaniyi muzidziwa kuti akukamba ndi Florence, mnzake wa Ezeliya. Tinakulira limodzi ku Nambuma, n'kudzakwatiwanso mudzi umodzi kuno ku Kabudula, makomo athu oyang'anizana.

Ezeliya ndiye mkazi wamkulu wa Zakeyo. Regina ndi wamng'ono, anabwera chaka chija fodya anagulidwa bwino, Zakeyo atagula njinga yamoto n'kuyamba kuona ngati mkazi mmodzi sakumukwana. Anamumangira nyumba yamalata kumtunda, pafupi ndi zigafa za fodya, Ezeliya n'kutsala kumunsi kuno m'nyumba yakale. Poyamba bamboyo ankagawa masiku monga amachitira amitala. Kenaka masiku a kumunsi anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka anatha osatsanzika.

Mukamuona Regina lero ndi tsitsi lofika m'mapewa, musamati anabadwa nalo. Anafika m'mudzi muno mutu utapsa ndi mankhwala owongolera tsitsi a ku saluni, m'mphepete monsemu mutathothoka, chipumi chitafika pakati pa mutu, pakhungu pali tizilonda. Duku sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndipo amene anamuchiritsa ndani? Ezeliya yemweyo, chitsiru cha mtima wabwino.

Paja mnzangayu ndi katswiri woyenga mafuta a nsatsi. Amakazinga nsatsi paphale mpaka zide pang'ono, n'kuzisinja mumtondo zikadali zotentha mpaka zichite phala lonanda. Phalalo amaliika mumphika wa madzi owira, moto wapang'onopang'ono, mafuta n'kuyamba kuyandama pamwamba, akuda bii, onunkhira utsi. Amatapa ndi chipande, n'kuwaphikanso paokha kuti madzi athemo. Mwana wa zipere akadzola amenewo, mutu umasalala. Ndiye tsiku lina Zakeyo anaima pakhomo, injini osazimitsa, n'kuti, "Amake Dyson, mnzanu mutu ukumuyabwa, tathirani kabotolo." Ezeliya anathira. Botolo litatha linabwera lina, iye n'kuthiranso.

Tsitsi linamera, abale inu! Lakuda, lothithikana, lonyezimira. Regina anataya duku, n'kumaluka masitayilo sabata ndi sabata. Podutsa kumtunda Ezeliya anaona ndi maso ake Zakeyo atakhala pakhonde masanasana, akusisita mutu wa Regina ndi mafuta omwewo, zala zikulowa m'mizere ya malukowo. Anathamangira kwa ine.

"Florence, pa zaka zonse ndakhala nawo, mutu wangawu sanaukhudzepo. Nsatsi zanga, nkhuni zanga, utsi m'maso mwanga, koma zala zawo m'mutu mwa uja!"

Nsanje inamugwira mnzanga. Koma imeneyo akanatha kupirira. Chimene chinamutsiriza ndi mawu a pamjigo.

Kwathu kuno aliyense amadziwa mwambo wa nsatsi. Woyenga mafuta ayenera kukhala wozizira, ndiye kuti asakhale atagona ndi mwamuna dzulo lake. Akakhala wotentha, mphika umakana, mafuta satuluka, umangoona thovu basi. Mukhulupirire musakhulupirire, ife ndi mmene tinapezera.

M'mawa wina tili pamzere wotunga madzi, mayi wina anayamikira tsitsi la Regina, n'kumufunsa chifukwa chake sayenga yekha mafuta. Regina anapotokola khosi lija, n'kuseka kaseko kake konyansa.

"Ine? Ndinayesapo kangapo, mphika wanga sutheka. Nanga nditani, poti bambo a kunyumba sandipatsa mpata? Koma amayi aakuluwa, iiih, dzanja lawo ndi lodala. Tsiku lililonse angafune, mafuta mbwee! Sanalepherepo chiyambire."

Amayi anaseka, ena anabisa nkhope m'zitenje. Ezeliya anaiwala ndowa yake pamjigo mpaka inasefukira. Zaka zonsezi ankanyadira anthu akamati mphika wa Ezeliya sukana. Tsiku limenelo ndi pamene anamva chimene mudzi wonse unkamva m'mawu amenewo: kuti m'nyumba mwake simulowa mwamuna. Botolo lililonse limene ankapereka linkalengeza zomwezo.

Sanandiuze chimene anaganiza, ndipo ndimadandaula mpaka lero, chifukwa ndikanamuletsa. Anangoti akupita ku Nambuma kwa mayi ake kukatola nsatsi, poti kumeneko zimamera zambiri m'mabwinja. Anakhalako masiku angapo. Atabwera madzulo ndi thumba pamutu, anatuma uthenga kwa amayi a m'mudzi kuti mawa abwere, awaphunzitse kuyenga. Regina anamuitana mwapadera.

Ine ndinadabwa. Ezeliya amayenga yekha kuseri kwa nyumba, safuna ngakhale nkhuku pafupi. Koma m'mawa mwake ndinamupeza atayala mphasa pabwalo, atasamba, atavala chitenje chatsopano, akuyenda monyang'wa ngati mtsikana. Nsatsi anali atasinja kale anthu asanafike. Zoti posinjapo anathiramo ufa woyera manja awiri ndinazimva pambuyo pake.

Amayi anakhala mozungulira. Mphika unawira. Tinadikira. Ezeliya akuvundula, akusonkhezera moto, akuyang'anamo ngati wodabwa. M'malo moti mafuta ayandame, zonse zinagwirana n'kukhala chiphala chotuwa, chikungobwadamuka. Dontho la mafuta ngakhale limodzi, ayi.

"Ha! Mphika wa Ezeliya wakana?" anatero mayi wina.

Apo mnzanga anaika chipande pansi, n'kugwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, maso akuponya kwa Regina.

"Pepani amayi, ndakuvutitsani chabe. Ndinaiwala mwambo. Paja munthu ukachoka kuulendo, eni nyumba amakhala atakusowa. Nanga ndikanawabweza?"

Ananena mokoma, mochedwa, kuti liwu lililonse limulowe Regina. Ankadikira nthungululu, ankadikira kuseka kwa amayi, makamaka ankadikira kuona nkhope ya mkazi mnzake ikugwa. Koma amayi anangoyang'anizana. Ine ndinaweramitsa mutu, chifukwa ndinkadziwa chimene aliyense pamenepo ankadziwa, kupatula iye.

Regina anatsegula maso aakulu aja. "Amayi aakulu, mukuti eni nyumba ake ati? Bambo anapita ndi mabelo ku Kanengo inu mutangonyamuka. Fodya sanagulitsidwebe, akugona komweko. M'mawa uno omwe andiimbira foni."

Mayo ine! Lole yonyamula mabelowo inanyamukira kumtunda, kuzigafa, Ezeliya ali ku Nambuma. Palibe anamuuza, poti aliyense ankati mkazi wamkulu sangalephere kudziwa kumene kuli mwamuna wake. Nanga munthu amene sabwera n'kale, ungadziwe bwanji kuti wachoka?

Amayi anayamba kudzuka mmodzimmodzi, uyu akuti wasiya nyemba pamoto, uyo akuti mbuzi zalowa m'dimba. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika: mphika wa Ezeliya wakana mwamuna wake ali ku Kanengo, ndipo wavomera ndi pakamwa pake. Anthu anayamba kutchula mayina. Wina akuti wagona ndi bambo wogula mtedza kumsika, wina akuti ndi mwamuna wa ku Nambuma, anabwera naye.

Ezeliya atandiululira za ufa ndinamukalipira. "Iwe, pita ukanene zoona! Uwaitanenso, uyenge pamaso pawo, unene kuti unathira ufa."

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ndinawononga nsatsi zanga kuti anthu aziti mwamuna wanga amandifuna? Regina aseke mpaka agwe? Bola anditche hule."

Analira tsiku lonse. Koma m'mawa mwake ndinamupeza wasintha, maso akuwala. Anandikokera m'nyumba.

"Florence, Regina wawaimbira kale, eti? Ndiye amva. Abwera kuno. Ukuwadziwa Zakeyo mtima wawo. Kale tili achinyamata anatsala pang'ono kumenya munthu ku Nsaru chifukwa chongondipatsa moni kawiri. Abwera akuphulika, aswa chitseko ichi."

"Ndiye ukusekerera?"

"Aswe! Alalate mudzi wonse umve. Aitane ankhoswe, andifunse kuti ndani. Nsanje imene yandidya ineyi nawonso ailaweko. Munthu sachitira nsanje chinthu chimene anataya."

Masiku otsatirawo mnzanga anazira nyumba, anatsuka makapu, anandipempha kuti ndimuluke. Ndinamudzoza mafuta otsala a chaka chatha, ndikupesa, ndipo ndinaona kuti tsitsi lake ndi labwino kuposa la Regina, kungoti lili ndi imvi ziwiri zitatu ndipo amalibisa m'duku. Njinga yamoto iliyonse ikalira kumsewu, ankaimirira.

Zakeyo anabwera Loweruka masana. Anayamba kumtunda, anadya, anapuma. Dzuwa litapendeka ndi pamene tinamva njinga ikutsika. Ine ndinali pakhonde pa Ezeliya tikusola mtedza, ndipo ndinafuna kuchoka, koma anandigwira chitenje kuti ndikhale mboni. Nkhope yake inali ya munthu wolandira mlendo.

Bamboyo anazimitsa injini, chinthu chimene anali asanachite pakhomopo kwa nthawi yaitali. Anatipatsa moni bwinobwino. Ezeliya anatulutsa mpando, iye anati ayi, sakhalitsa.

"Amake Dyson, ndamva zimene zinachitika."

"Mwamva," anatero Ezeliya, atadzutsa mutu.

"Ee. Ndiye ndati ndikuuzeni kuti musade nkhawa. Ine mlandu sindikufuna. Ndinu munthu, muli ndi magazi. Za ankhoswe, za mabwalo, zongotayitsa nthawi. Nyumbayi khalanimoni, munda limani monga kale."

Ndinayang'ana nkhope yake kufuna kuona ngati akubisa ukali. Munalibe kanthu. Amayankhula ngati akukamba za mtengo wa feteleza.

Anapita panjinga, n'kumasula kabotolo kopanda kanthu kamene anamangirira kumbuyo.

"Chimodzi chokha. Mnzanu mafuta amuthera, ndipo kuli ukwati wa mng'ono wake mwezi wamawa, akufuna akaoneke bwino. Ndiye tsiku limene mukuyenga a Regina, muzimuuza munthu wanuyo ayambe wadikira. Nsatsi zisamawonongeke."

Anaika botolo pakhonde, pafupi ndi lichero la mtedza, n'kutitsanzika mwaulemu. Njinga inalira, inakwera kumtunda.

Ine ndinatukwana, ndinatukwana mawu oti sindingawabwereze pano. Ezeliya sanandimve n'komwe. Anakhala pampando uja anatulutsira mwamuna wake, manja pamiyendo, maso ali kunjira mpaka fumbi linatha. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Florence," anatero motsitsa mawu, "ngakhale kufunsa dzina lake?"