Chuku pa Tintchentche

"Mabotolowo usiye patebulo pompo," anatero aphunzitsi a sayansi, osamuyang'ana n'komwe.

Mtsikanayo anawaika limodzilimodzi. Anzake ankamutcha Kachete, poti mawu ake ankathera kukhosi. Kwa masabata asanu anakhala akuweta m'mabotolomo tintchentche ta pa nthochi zowola za pabenchi la mayi ake. Ndiye amene anaona kuti tina timakwera pamwamba pa botolo, kukakamira pagalasi, kutukula mapiko n'kufa, kenako chuku choyera n'kutumphuka pamimba ngati thonje. Aphunzitsi atachiona anati chukucho chimadya kantchentcheko kakali moyo, ndipo analonjeza kuti Kachete akafotokoza yekha ku chionetsero cha masukulu.

"Wokalankhula kuchionetsero mawa ndi mnzako Wailesi," anatero tsopano aphunzitsiwo. "Oweruza alibe nthawi yotchera khutu kwa munthu wonong'ona. Iwe ukathandiza kunyamula."

"Koma aphunzitsi, ndi ine ndina…"

"Ukuona? Ngakhale ine sindikukumva."

Aphunzitsi anatuluka. M'kalasimo munatsala Kachete ndi Wailesi, mtsikana wa pakamwa posatopa, yemwe anali asanagwirepo botolo ngakhale limodzi.

"Usandikwiyire ine, asisi. Mbewa yamanyazi inafera kuuna." Wailesi ananyamula botolo, nakwinya mphuno. "Fungo lakelo abale. Nanga zoyera zamamatirazi? Oweruza angatiyese auve. Zakufazi tichotse, zitsale zamoyo zokhazokha."

Kachete anayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu. Akanangonena kuti uvewo ndiwo ntchito yonse, kuti popanda tintchentche takufato palibe chokaonetsa. Mawuwo anabwera bwinobwino mpaka pamilomo. Ulendo uno sanakakamire kukhosi ayi, anawabweza yekha.

"Sopo ali kuti?" anafunsa Wailesi.

Kachete anakamutenga pasinki, n'kubweretsanso kamtengo ndi kansalu. Anatchinga pakamwa pa botolo ndi chikhatho, n'kusiya kampata kolowetsera kamtengo, kuti tamoyo tisathawe, mnzakeyo akupala galasi. Masabata asanu anachoka pang'onopang'ono, botolo ndi botolo. Pa botolo lachinayi panali kantchentche kamodzi kamene kanali katangofa m'mawa womwewo, mapiko ali m'mwamba, chuku chikungoyamba kutuluka. Kachete anayang'ana kumbali mpaka kamtengo katadutsa.

Wailesi anandanda mabotolo pawindo, nabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno.

"Ndiye zinthu izi. Mawa akandifunsa zovuta uzindinong'oneza, wamva? Awala eti?"

"Awala," anayankha Kachete.

Anasamba m'manja, natenga chikwama chake. Kope lomwe ankalembamo zonse linali momwemo, ndipo anapita nalo kunyumba.